MANDA ASANU NDI MKRISTU MMODZI



M'chilamulo cha Mose munali lamulo lakuti zikatha zaka makumi asanu, lipenga lilire m'dziko monse, akapolo amasuke, ndipo munthu yense abwerere ku munda wa makolo ake. Kwa ife zaka makumi asanuzo zapita katatu chilowere m'nyanja yathu chombo cha Ilala m'chaka cha 1875. Chifukwa chake kutiyenera ifenso kubwerera ku munda wa makolo athu a m'chikhulupiriro, kuti tione chimene anabzalamo, ndi mtengo wake umene anaulipira.

Pa masiku a chikondwerero nkwapafupi kuwerenga nyumba za miyala, masukulu, zipatala ndi mipingo, ndi kunena kuti, Taonani, Mulungu anali ndi makolo athu. Inde, anali nawo ndithu. Koma iwo amene anayenda m'njirayo sanaone chimene tichiona ife lero. Kawirikawiri anaona manda okha, ndi ntchito yonga yakufa, nafunsa m'mitima mwawo ngati Ambuye ali pakati pawo kapena ayi. Tifuna tsono kutsata mbiri ya Livingstonia kuyambira pa manda ake, pakuti pamenepo mpamene tiphunzira mmene Wouka kwa akufa adziwikira kwa anthu ake.

I. MANDA A KU CAPE MACLEAR

David Livingstone anamwalira m'chaka cha 1873 m'mudzi wa Chitambo, asanaone kutha kwa malonda a akapolo amene anawadandaula zaka zambiri. M'chaka chotsatira, ataikidwa ku London, Dotolo James Stewart wa ku Lovedale anapempha Mpingo wa Free Church wa ku Scotland kuti chikumbutso cha munthuyo chisakhale mwala wokha, koma mishoni ya pa nyanja ya Nyasa, yotchedwa dzina lake. Mpingo unavomera. Ulendo woyamba anautsogolera E. D. Young, ndipo mwa anzake munali dotolo wachinyamata wa ku Aberdeen, wa zaka 24, dzina lake Robert Laws. Pofika pa mathithi a Shire anaphwasula chombo chawo, ndipo anthu mazanamazana anachisenza pamitu zidutswazidutswa, nachilumikizanso kumtunda kwa mathithiwo. Pa 12 Okutobala 1875 Ilala analowa m'nyanja, ndipo anamanga pa Cape Maclear, m'dziko la mfumu Mponda.

Malowo anali okoma m'maso, a doko labwino la chombo, koma malungo anali pomwepo akuwalindira. M'chaka cha 1876 anafika antchito ena, pamodzi ndi anyamata anayi a mtundu wa Xhosa ophunzira ku Lovedale, amene anadzipereka okha kudza kuno. Chaka chisanathe, mu 1877, Dotolo William Black anamwalira. Shadrach Mngunana, mmodzi wa anayi aja, amene ankaphunzitsa ana pasukulu, anamtsata m'chaka chomwecho. Pofika 1880 manda anali asanu patsinde pa phiri, mzungu ndi munthu wakuda atagona m'nthaka imodzi. Ndipo wobatizidwa analipo mmodzi yekha, Albert Namalambe, amene anabatizidwa pa 27 Malichi 1881. M'chaka chomwecho mishoni inasamukira ku Bandawe.

Amene awerengetsa monga awerengetsera amalonda anapeza chotere: zaka zisanu, mapaundi ngati 20,000, manda asanu, mudzi wosiyidwa, ndi Mkristu mmodzi. M'chaka cha 1883 mphunzitsi wina womveka wa ku Scotland, Henry Drummond, anafika pamalopo, napeza nyumba zilipo koma eni ake palibe, ndi manda kumbuyo kwake; ndipo zimene analemba zinadetsa nkhawa anthu ambiri kwawo. Tisawadzudzule amene anakayika masiku aja, pakuti kunena za maso okha, analondola.

Koma taonani chimene chinabisika kwa iwo. Namalambe anatsala pa Cape Maclear nasunga sukulu ndi mapemphero azungu atachoka. Ndipo Chinyanja chimene Laws anachiphunzira pakati pa mandawo ndicho chimene anamasuliramo Chipangano Chatsopano, chimene chinasindikizidwa mu 1886, zaka zambiri Buku Lopatulika la 1922 lisanatuluke. Mariya wa Magadala anaimirira pamanda ali kulira, namuona Ambuye, namuyesa wosamalira munda. Chomwechonso makolo athu anaimirira pa manda asanu, ndipo Iye amene anamfuna anali pambali pawo, ali kugwira ntchito m'munda wake.

II. WOFESA AMENE SANAKOLOLE

Ku Bandawe, pakati pa Atonga, sukulu zinadzala msanga. Koma kumapiri kunali Angoni a M'mbelwa, amene nkhondo zawo zinkatsika kufikira ku nyanja. Amene anatsegula njira ya kumeneko ndiye William Koyi, wina wa anayi a ku Lovedale, pakuti chinenero chake chinali chapafupi ndi Chingoni, ndipo anadziwa mwambo wa pabwalo la mafumu. Kuyambira 1882 anakhala pa Njuyu, nthawi zina yekhayekha, m'kanyumba ka udzu. M'mbelwa ndi nduna zake anamlola kukhala, koma sukulu anaikana, poopa kuti anyamata akaphunzira adzakana nkhondo. Zaka zinapita popanda wobatizidwa, ndipo mnzake James Sutherland anamwalira mu 1885.

Kumayambiriro kwa 1886 kunali chilala, ndipo nsembe za kwa makolo zitalephera, akulu a Angoni anapempha Dotolo Walter Elmslie kuti apemphere kwa Mulungu wake. Anapemphera, ndipo mvula inagwa. Itapita miyezi yowerengeka, mafumu analola kuti sukulu zitsegulidwe. Koma uthengawo unampeza Koyi ali gone pa mphasa ya imfa, ndipo anamwalira pa 4 Juni 1886. Sanaone Mngoni ndi mmodzi yemwe alikubatizidwa. Oyamba, Mawelera Tembo ndi mbale wake Makara, anabatizidwa mu 1890. Ndipo mu 1898, pa msonkhano wa Mgonero ku Ekwendeni, masiku a Donald Fraser, anthu zikwi anasonkhana kumva Mawu, mwa iwo amuna amene kale anagwira mikondo ndi zishango. Koyi anali atagona m'manda zaka 12.

III. KUKWERA KHONDOWE

Bandawe nayenso anali ndi malungo ndi manda ake. M'nyumba ya Laws momwe imfa inalowa kawirikawiri: iye ndi mkazi wake Margaret anaika ana awo akhanda mmodzimmodzi, nawatsalira mmodzi yekha, Amelia Nyasa, wobadwa mu 1886. Munthu ameneyu tizolowera kumkumbukira monga womanga wa mtima wolimba. Tikumbukirenso kuti anali tate wodziwa kulira, ndi kuti pamene ankalalikira za kuuka kwa akufa, ankanena za ana akeake.

M'chaka cha 1894 Laws ndi Yuriya Chatonda Chirwa anayendera mapiri a kuno kufunafuna malo a mphepo yabwino, a madzi ndi mitengo, omangapo sukulu yaikulu. Anasankha Khondowe, pafupifupi mapazi 3,000 pamwamba pa nyanja, pakati pa Nyika ndi gombe la Chitimba. Dziko lino masiku amenewo linali la mantha. Aphoka ankakhala m'zitunda ndi m'malo obisika, ndipo pa nthawi ya nkhondo ankathawira m'mapanga a ku mathithi a Manchewe. Ufumu wa Chikulamayembe ku Nkhamanga unali utapasulidwa ndi Angoni, ndipo Ahenga ambiri anali atabalalika, ena kufikira ku Karonga, kumene Mlozi, wogulitsa akapolo, anakhala m'linga lake mpaka 1895. Amene anamuona Laws ali kuyeza misewu m'thengo, ndi kunena kuti apa padzakhala chipatala, apo padzakhala tchalitchi, akadakhoza kumuyesa wolota.

Koma sukulu inamangidwa, nitchedwa Overtoun Institution potsata dzina la Lord Overtoun amene anapereka chuma chambiri. Nyumba ya Miyala inatha mu 1903. Madzi anafika m'mipope kuchokera kumapiri. Mu 1905 magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi anayaka pa Khondowe, ndipo msewu wokhotakhota unakwera kuchokera ku nyanja. Chipatala cha David Gordon Memorial chinatsegulidwa mu 1911. Kuchokera pano kunatuluka aphunzitsi, amisiri a matabwa ndi a miyala, osindikiza mabuku, alembi, othandiza madotolo ndi alaliki, nafalikira m'maiko onse ozungulira. Mmodzi wa iwo, David Kaunda, anakakhazikika ku Chinsali mu 1905 nayamba ntchito pakati pa Abemba. Ndipo mu 1907 ufumu wa Chikulamayembe unadzukanso, pamene Chilongozi Gondwe analongedwa ufumu. Chigwa cha Henga, chimene chinali bwinja, chinadzalanso midzi ndi minda.

Zikadathera pomwepa, mbiri yathu ikadakhala yosavuta kuikamba. Koma akulu anati, walira mvula walira matope. Ndipo kukayika kwakukulu kunadza nyumba zitamangidwa kale.

IV. ZAKA ZA MAFUNSO

Kukayika kwa ku Cape Maclear kunali kwa azungu, akufunsa ngati ntchito idzabala. Kukayika kwa ku Khondowe kunali kwa ana a dziko lino, amene anawerenga Malembo okha ndi maso awo, nafunsa ngati Mpingo umene unawaphunzitsa uchita monga ulalikira.

Charles Domingo anadza ali mwana kuchokera ku Quelimane, atatengedwa ndi William Koyi mu 1881, nakulira pa mishoni. Anali woyamba kutsiriza maphunziro a ubusa pa Khondowe, mu 1900, ndipo anapatsidwa chilolezo cha kulalikira mu 1903. Koma kudzozedwa kunachedwa chaka ndi chaka, pakuti amishoni anayesa kuti nthawi ya abusa akuda sinafike. Ndipo mu 1908 Domingo anachoka, mtima utasweka. Elliot Kamwana, amenenso anaphunzirapo pano, anabwera ku Utonga m'chaka chomwecho ndi chiphunzitso cha Watch Tower, nabatiza anthu zikwi m'miyezi yowerengeka, ambiri a iwo otopa ndi kulindira ubatizo zaka zambiri m'kalasi; nawalonjeza kuti m'chaka cha 1914 maufumu a dziko lapansi adzatha.

M'chaka cha 1914 chomwecho Mpingo unadzoza abusa ake oyamba a dziko lino, Yesaya Zerenji Mwasi, Jonathan Chirwa ndi Hezekiah Tweya. Koma isanathe miyezi ingapo nkhondo yaikulu ya azungu inafika pa nyanja yathu. Mu Sepitembala Angerezi ndi Ajeremani anamenyana pa Karonga, anthu a mitundu iwiri imene yonse inatumiza amishoni ku Africa. Amuna a m'midzi yathu anatengedwa ku ntchito ya tengatenga, kusenza katundu wa nkhondo m'maiko akutali, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi nthenda, popanda wowalembera dzina pamanda. Sukulu zambiri za m'midzi zinatsekedwa. Nkhondo itangotha, kumapeto kwa 1918, mliri wa chimfine unalowa m'dziko, nusesa akulu ndi ana. Mlaliki wa masiku aja anayenera kuyankha mafunso awiri olemera: Ngati Uthenga uwu ndi wa mtendere, eni ake aphana chifukwa ninji? Ndipo ngati Mulungu ali nafe, ali kuti pamene tiika maliro atatu tsiku limodzi?

Tsono zindikirani ichi, abale, kuti m'kati mwa zaka zimenezo, mu 1916, anaika mwala wa maziko a tchalitchi cha pa Khondowe, ngakhale kunalibe chuma chomangira msanga. Ndipo mu 1924, pomwe pano pa Livingstonia, mipingo ya Livingstonia ndi ya Blantyre inalumikizana nikhala Mpingo umodzi wa C.C.A.P., Dotolo Laws nakhala mtsogoleri woyamba wa Sinodi. A ku Nkhoma analowa mu 1926.

Komabe mabala sanapole onse. Yafet Mkandawire anachotsedwa pa ubusa mu 1932. Mbusa Mwasi, mmodzi wa atatu oyamba aja, anatuluka mu 1933, nalemba zifukwa zake poyera, kuti Mkristu wa mu Africa ayenera kuimirira pamaso pa Mulungu yekha, wosadzera mwa mzungu. Charles Chinula, woimba ndi womasulira mabuku, anayamba mpingo wake mu 1934, ndipo atatuwa anaphatikiza mipingo yawo mu 1935. Amuna awa sanakane Kristu ayi. Chimene anakayika ndicho ngati Kristuyo aoneka m'machitidwe a nyumba yake. Tomasi nayenso sanafune mawu a anzake okha, koma anafuna kuona mabala. Ndipo Ambuye sanamtaye, koma anadza namuonetsa manja ake. Nyimbo za Chinula zinalowa m'buku la Sumu za Ukristu, ndipo mwini wakeyo anabwerera ku Mpingo mu 1967, ali nkhalamba. Zimene Mwasi anazifuna, kuti Mpingo utsogoleredwe ndi ana a dziko, zinachitika m'mbadwo wotsatira. Koma Domingo sanadzozedwe konse pakati pa iwo amene anamlera, ndipo mlandu wake uli m'manja mwa Woweruza wolungama.

V. ZIMENE LAWS SANAZIONE

Dotolo Laws analakalaka kuti pa Khondowe pakhale sukulu ya ukachenjede, yolingana ndi za kwawo. Koma nkhondo itatha chuma chinachepa ku Scotland, ndipo maganizo a akuluakulu a maphunziro anatembenuka. Ambiri anati mwana wa mu Africa amkwanira maphunziro a m'mudzi ndi ntchito za manja. Mkazi wake anamwalira mu 1921. Iye anachoka m'dziko lino mu 1927, atatumikira zaka 52, tchalitchi chake chisanathe, ndi sukulu yaikuluyo ili pa mapepala okha. Namwalira ku London mu 1934. Amene anatsala anachepetsa zambiri za zimene anaziyamba, ndipo kunaoneka ngati loto lija linaikidwa m'manda pamodzi ndi mwini wake.

Linagona zaka 69. M'chaka cha 2003 Sinodi ya Livingstonia, yotsogoleredwa ndi abusa a dziko lino, inatsegula University of Livingstonia pa Khondowe pomwepa. Ndipo amene anaitsegula anali zidzukulu za anthu aja amene ena anati maphunziro akulu sawayenera. Kuona maso a nkhono nkudekha.

VI. NJERWA ZOYERA PA UDZU

Pali tsiku lina limene Ambuye anadziwika pano, osati patapita zaka, koma nthawi yomweyo. Pa 3 Malichi 1959 boma la atsamunda linalengeza lamulo la nthawi ya ngozi, chifukwa anthu a Nyasaland anakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Dotolo Hastings Kamuzu Banda ndi atsogoleri ambiri anamangidwa, ndipo pa Nkhata Bay anthu anawomberedwa ndi mfuti tsiku lomwelo. Kumpoto kuno misewu inatsekedwa, ndipo boma linayesa kuti azungu a pa Khondowe ali pa ngozi pakati pa anthu akuda. Ndege inauluka pamwamba pa mishoni niponya kalata, yakuti aike chizindikiro pabwalo chosonyeza ngati afuna kuchotsedwa.

Azungu ndi akuda anasonkhana napangana. Ndege itabweranso, sinapeze chizindikiro cha kuthawa, koma njerwa zopaka laimu zitayalidwa pa udzu pafupi ndi Nyumba ya Miyala, zolemba dzina la kalata ya Paulo kwa Aefeso, mutu 2, ndime 14, pamene mtumwi aphunzitsa kuti Kristu mwini ndiye wogwirizanitsa anthu a mitundu iwiri, ndi kuti mpanda wowalekanitsa anaugwetsa. Chithunzi chake chinatuluka m'manyuzipepala, ndipo chizindikirocho chinasungidwa pamalopo kuti ana athu achione.

Tiganizire bwino pamenepa. Mpanda umene unagwa tsiku lija ndi womwewo umene unatsekereza Domingo, womwewo umene Mwasi anaudandaula. Mawu aja akadayalidwa pa udzu popanda anthu amene anafunsa mafunso owawa zaka 50 zam'mbuyo, akadakhala njerwa chabe. Chotero kukayika kwa ana ake Mulungu anakusandutsa khasu lolimira munda wake.

VII. CHIMENE MBIRI IYI ITIPHUNZITSA

Ophunzira awiri aja a pa njira ya ku Emau anayenda ndi Ambuye mtunda wonse, namuuza za kutha kwa chiyembekezo chawo, osamzindikira. Anamdziwa madzulo ponyema mkate, ndipo pamenepo anakumbukira kuti mitima yawo inali kutentha m'njira. Mbiri ya Livingstonia ili yotere. Pa Cape Maclear, pa Njuyu, pa Khondowe, makolo athu anayenda naye, koma kumzindikira kunadza pambuyo pake, nthawi zina kwa ana awo, nthawi zina kwa zidzukulu.

Komatu tichenjere, tingaphunzitse chimene mbiriyi siphunzitsa. Sitinena kuti manda onse abala sukulu kapena chipatala, kapena kuti wopirira yense adzaona mphotho yake pansi pano. William Black sanamve dzina la Khondowe. Mngunana anafera kutali ndi kwawo, ali mnyamata. Amuna a tengatenga agona m'thengo la maiko a eni, ndipo palibe nyumba yotchedwa maina awo. Makanda a Margaret Laws sanabwerere m'manja mwake. Ndipo m'masiku a ife tomwe, m'zaka za m'ma 1990, nthenda ya Edzi inatenga aphunzitsi, akulu a mpingo ndi amayi achinyamata, nisiya ana amasiye m'manja mwa agogo. Tikawauza onsewa kuti atonthole chifukwa pa Khondowe pali yunivesite, tawanyenga. Ngati Kristu sanauke, iwo anataya zonse, ndipo amene anawerengetsa manda asanu ndi Mkristu mmodzi anawerengetsa bwino.

Koma makolo athu sanaike akufa awo ndi chiyembekezo cha nyumba za miyala. Amene anakumba manda a Black ndi a Mngunana sanadziwe kanthu za zimene zinali kudza. Anadziwa chimodzi, kuti manda ena, a ku Yerusalemu, anapezeka opanda mtembo tsiku loyamba la sabata. Pa chimenecho anaimirira, nabwerera ku sukulu m'mawa mwake. Zimene tazikamba m'masamba ano, mvula ya ku Njuyu, kubwerera kwa Chinula, njerwa za pa udzu, ndizo zizindikiro za m'njira zimene Ambuye anawapatsa kuti asakomoke. Koma maziko ndiwo kuuka kwake Iye mwini. Chifukwa cha kuukako tikhulupira kuti wa tengatenga wosadziwika dzina ndi dotolo wolembedwa m'mabuku adzaitanidwa ndi liwu limodzi, yense ndi dzina lake.

Tsono kwa inu alaliki ndi aphunzitsi a kalasi, amene musenza ntchito imene anaisenza Namalambe ndi Koyi, tili ndi mawu atatu.

Loyamba: wa m'kalasi akakufunsani funso lolimba, lonena za imfa ya mwana wake, kapena za chosalungama chimene wachiona m'Mpingo, musamuyese mdani wa chikhulupiriro, kapena kumtsekera pakamwa ndi mwambo. Kumbukirani Domingo. Khalani naye pansi, mumve mawu ake onse, monga Ambuye anayamba wamva madandaulo a awiri aja asanawatsegulire Malembo.

Lachiwiri: musayese ntchito yanu ndi chiwerengero cha chaka chimodzi. Alipo mwa inu amene akwera zitunda za Uphoka, kapena ayenda m'midzi ya Henga, ya Nkhamanga ndi ya Hewe, napeza anthu asanu okha pansi pa mtengo. Mishoni yonse inali ndi mmodzi itatha zaka zisanu. Lembani chiwerengero chanu moona m'buku la mpingo, osaonjezapo. Koma musaweruze nacho ngati Ambuye alipo.

Lachitatu: pa maliro, pamene mudzi wonse ukumverani, Akristu ndi akunja omwe, musalonjeze ofedwa zimene Mulungu sanalonjeze, ndipo musawaletse kulira, pakuti Ambuye mwini analira pamanda a Lazaro. Auzeni chimene makolo athu anachigwira pamene analibe china: kuti Yesu anafa, naikidwa, nauka, kuti Iye amene anatuluka m'manda ali pamodzi ndi iwo oimirira pamanda, angakhale maso awo samuona lero, ndi kuti adzamdziwa, kapena pa gome la Mgonero, kapena patapita zaka, kapena pa tsiku lomaliza.

Lipenga la chaka chino lidzatonthola, alendo adzatsika phiri, ndipo ife tidzabwerera yense ku mudzi wake ndi ku ntchito yake. Amene adzakondwera chikondwerero chotsatira adzaona zimene zibisika kwa ife tsopano, monga ife taona zimene zinabisika kwa Koyi. Mulungu wa mtendere, amene anaukitsa Ambuye wathu Yesu, atipatse kukhala okhulupirika m'gawo lathu la njira, kufikira tidzaonane ndi iwo amene anatitsogolera. Amen.